Nyumba ya Mwatitha Isagwe

1.
Khomo ndatsegula, Mwatitha mwana wanga. Ndasesa, ndazira pansi, mikeka ndayala monga unkanenera. Palibe mwana wabwera.

2.
Zimene unasiya: makatoni a mabuku amene unapemphetsa m'sukulu za m'tauni, matabwa osamaliza kukhoma, choko, chikwangwani cholemba wekha, nsapato zako zakuda, ine mayi wako.

3.
Mlongo wanga, mwambo sunayambe ndi ife, anatero achimwene a Kafoteza, eni mbumba, ataima pabwalo osafuna ngakhale kuponda pakhonde. Nyumba ya malemu imagwa. Tikameta maliro Loweruka, denga tisasula, zipupa tigwetsa.

Iyi ndi laibulale ya ana, achimwene, ndinatero ine.

Ana ake ati? Mundionetse mwana mmodzi yekha akuwerenga pano, ndiisiya.

Ankadziwa chimene ankanena.

4.
Ife amayi a pamjigo sitimuda Nangondo, mayi wa Mwatitha, ayi, chisoni timamva ndithu, pajatu mwana wake uja anali wa tonse, ankaphunzitsa ana athu pansi pa mtengo wa mango osapempha ndi mchere womwe, koma mwana wanga wobala ndekha akalowe m'nyumba imene mwatuluka mtembo dzanadzanali tisanamete n'komwe, akagwire mabuku amene malemu ankagwira akutsokomola, ndiye akadzuka mawa mutu ukuwawa ndidzafunsa yani, kodi mabukuwo adzandiyankha, ayi tiyeni tizinena zoona, Nangondo akangolira monga timalirira tonsefe basi

5.
Usanadwale. Dzuwa litapendeka, iwe pakhonde, ine ndikusenda nyemba.

Amayi, khalani apa ndiyeserere pa inu ana asanayambe kubwera, unatero.

Buku lachikuto chofiira. Nkhani ya kamtsikana kamene kanakwera basi yolakwika, ndipo basiyo inkangopita kutali ndi kwawo. Tsiku lililonse pang'ono. Basi itaima pamlatho, madzi atadzaza, unatsokomola, n'kuikapo nthenga ya nkhanga.

Mawa tipitiriza, Amayi.

Mawa.

6.
Ndakazinga chimanga ndaika pakhomo. Ana amatapa n'kuthawa.

Ndaphika mbatata. Chimodzimodzi.

Ndapita kwa aphunzitsi aakulu. Akuti, dikirani mumete kaye, mayi. Tikameta nyumba kulibe, aphunzitsi! Angoyang'ana pansi.

Ndagwada pamjigo, mayi wamkulu ine, mawondo m'matope. Ndibwerekeni mwana mmodzi, kwa kanthawi kochepa chabe. Anzanga angonyamula ndowa zawo.

Khomo ndatsegula, Mwatitha. Ndatopa, ndipo ndili ndi mantha.

7.
Chiswe sichidikira mwambo. Chaboola kale katoni yapansi. Ndiye ndakhoma matabwa aja ndi mwala, okhotakhota choncho, mabuku ndasanja ndekha:

ofiira paokha,
obiriwira paokha,
onenepa pansi kuti asaphwanye anzawo,
a zithunzi za nyama pafupi ndi zenera, mwina wina angakopeke.

Lofiira la nthenga lija sindinaliike pathabwa. Ndimagona nalo.

8.
Loweruka.

Lumo. Tsitsi pansi, langa, la achimwene, la ana a mbumba yonse. Anyamata akwera padenga, udzu wayamba kugwa, kuwala kukulowa pomwe sikunalowepo.

Ine ndili m'kati, pamkeka.

Tulukani, mlongo, akufuula a Kafoteza. Mtengo ukugwerani.

Undigwere. Mwati pasowa wowerenga? Ndiwerenga ine.

Ndatsegula pa nthenga paja. Chala ndikuyendetsa pamzere monga unkachitira, milomo ndikugwedeza. Anthu adzaza pabwalo, akusuzumira.

9.
Pazenera patulukira kamutu kometa kumene. Ndi Esinta, mdzukulu wa achimwene omwewo, uja unkati ali ndi pakamwa ngati wailesi.

Agogo, bukutu mwalizondotsa.



Wina kumbuyo waseka, mnzake wamutsina.

10.
Uwauze ndiwe, Mwatitha, ine manyazi andigwira. Sindidziwa kuwerenga. Chikwangwani chako sindidziwa chimati chiyani. Dzina lako pamtanda kumanda, ndimangolipapasa. Ndayenda mudzi wonse ndikuti ana, ana, tsogolo la ana, ndipo sindinanama. Koma wotsala pamlatho ndine. Usiku uliwonse kamtsikana kaja kali m'basi, madzi akukwera, ndipo palibe wondiuza ngati kanafika kwa mayi wake.

Bukulo ndamupatsira mwanayo pazenera pomwepo. Esinta sanalowe, mapazi ake ali panja. Walitembenuza, wachotsa nthenga, wayang'ana agogo ake aamuna. A Kafoteza akuyang'ana kumbali.

Wayamba. Akugwiragwira mawu, akubwerera, akupitanso. Woyendetsa basi watsika kukayeza madzi ndi ndodo.

Padenga phokoso latha. Anyamata akhala pamitengo, udzu uli m'manja, akumvetsera. Ana ena asendera, aunjikana kumbuyo kwa Esinta. Achimwene sananene kuti tsikani, sananenenso kuti pitirizani.

Masamba otsala ndi ochepa, ndikuwaona ndi maso angawa.

Agogo, ndithamange timve kumapeto?

Ayi, mwanawe. Werenga pang'onopang'ono.