Mankhwala Onunkha Mazira Owola

Ku Nkhulambe aliyense ankadziwa kuti mphuno ya a Selestina sinama. Ogulitsa matemba akawaona akubwera ankabisa dengu la dzana, poti mayiyo ankangodutsa n'kutchula tsiku limene nsombazo zinavuulidwa. Ndiye pamene anatsegula kabotolo ka mankhwala a amuna awo, mlandu unatha usanayambe. Munkanunkha mazira owola.

Amuna awowo, a Ephraim, anali okonza mabatire. Batire ya sola ikafa m'mudzi, eni ake ankaikweza pa njinga kupita nayo kwa iwo. Ankaitsegula, kusungunula mtovu wa m'katimo m'chitini kuseri kwa nyumba, n'kuumbira mitu yatsopano. Zaka zisanu ndi zitatu akupuma utsi umenewo. Kenaka m'mimba munayamba kupota, ndipo dzanja lamanja linalendewera ngati tsamba la chinangwa lofota. Khasu linkawapulumuka, buleki ya njinga osaigwira. Kuchipatala anatumiza magazi ku Blantyre, yankho n'kubwera loti mtovu wachuluka m'thupi. Anawaletsa ntchitoyo n'kuwaitanitsira makapusozi osowa, ati dzanjalo lingathe kudzuka akafulumira.

"Atipatsa otsalira awa, owola," anatero a Selestina.

"Koma adokotala anati ndiyambe lero," anayankha a Ephraim.

"Adokotalawo ananunkhiza? Chikwatirane sindinakudyetsenipo chowola, bambo a Ida. Ndiyambe lero mukudwala?"

A Ephraim anali munthu wodziwa milandu yoti sangapambane, choncho anawasiyira botololo.

Mayiyo anachita zimene mayi aliyense wa kumeneko amachita makaka akagwira chinyezi. Anakhuthulira makapusozi onse pa lichero n'kuyanika padenga, pa dzuwa la Okutobala loswa mtengo. Masiku atatu! Makapusozi anafewa n'kumatirirana, koma fungo lili pompo. Apa m'pamene mkwiyo unasanduka chidwi. Anaswa kamodzi n'kuthira pachikhatho. Ufa wake unali woyera mbee, wouma, wopanda chuku, wopanda kachilombo. Chinthu choyera chonchi chinganunkhe bwanji zowola? Ndipo n'chowola chanji chokana dzuwa? Funso limeneli linawavutitsa mpaka anamanga zonse m'kansalu n'kukwera kabaza kupita kuchipatala.

Pawindo la mankhwala anapezapo a Chawezi, mayi wa ku Rumphi amene anali atagwira ntchito kumeneko zaka zingapo. A Selestina atamasula kansaluko, a Chawezi anagwira mutu.

"Mayi, mwawatani?"

"Ndinayanika. Anabwera owola."

A Chawezi anafuna kukalipa, koma ataona kuti mayiyo akudikiradi yankho, anatseka windo n'kutuluka kudzakhala nawo pa benchi.

"Sanawole ayi. Fungolo ndi la sulufule, yemweyo amene amanunkhitsa dzira likawola. Muno anaikamo dala, chifukwa ndiye mwini ntchito. Sulufule ndi mtovu akakumana sasiyana. Mwayang'anapo nkhama za abambo?"

"Zili ndi kamzere kakuda m'mphepete mwa mano. Ndimati n'chifukwa chosatsuka."

"Kamzere kameneko ndi mtovu umene unakumana ndi sulufule wa m'kamwa n'kuda. Tsono mankhwalawa ali ndi sulufule pawiri, ngati zala ziwiri. Akalowa m'magazi amatsina mtovu uku ndi uku, n'kutuluka nawo pamodzi m'mkodzo."

"Ngati chisoso pa chitenje?"

"Eya, kungoti apa chisosocho n'chimene chikukoka chitenje."

A Selestina anaseka, kenaka anafunsa chifukwa chake sakungowauza kudyetsa odwalayo mazira owola, poti kwawo nkhuku zilipo. A Chawezi anati sulufule wa m'dzira alibe zala zotere, angangowatsegula m'mimba. A Selestina anafunsanso ngati sulufuleyo sasokoneza n'kutsina zina zofunika m'thupi. Anayankhidwa kuti amatsinako pang'ono, n'chifukwa chake mankhwalawo amamwa mopumira ndipo magazi amayezedwanso. Mafunso akanapitirira mpaka dzuwa kupendeka, koma linatsala limodzi lolemera.

"Ndiye awawa angamwe?"

"Ayi, awa dzuwa lawaononga. Ndipo ena tilibe. Tiitanitsanso, mwina milungu itatu."

Kuseka konse kunathera pomwepo. Milungu itatu mtovu ukudya dzanja la amuna awo, chifukwa cha mphuno imene mudzi wonse unkaitama. Panjira yobwerera a Selestina analira, wa kabaza n'kumayesa kuti kwagwa maliro. Atafika anaulula zonse osabisa kanthu. A Ephraim anangoti, "Mumafuna kunditeteza," ndipo mawu amenewo anawapweteka kuposa kukalipiridwa.

Botolo latsopano litafika, a Selestina analitsegula pawindo pomwepo n'kukokera mpweya wonse. Linanunkha koopsa. "Awa ndiye eni ake," anatero, n'kulimanga pansonga ya chitenje.

Kuyambira pamenepo nyumba yawo inadziwika ndi fungo. Thukuta la a Ephraim, mpweya wawo, ngakhale kuchimbudzi, zonse mazira owola. Anzawo a kumpingo akabwera kudzazonda ankakhala chapatali, nkhani n'kuzidula msanga. A Selestina okha ndiwo ankanunkhiza mokhutira, n'kumati mtovu ukusamuka. M'mimba munaleka kupota. Koma dzanja linali lende, mvula yoyamba mpaka kugwa, chimanga mpaka kufika m'mawondo. M'mawa uliwonse a Selestina ankaliyang'ana mwakabisira, mtima ukuwauza kuti milungu itatu ija ndi imene inalipha.

Tsiku lina, pa ulendo wachitatu womwa mankhwalawo, a Selestina anakhala pakhonde n'kutsegula botolo monga mwa masiku onse. Kamphepo kochokera kuphiri kanatengera fungo lonse kumaso kwa a Ephraim.

"Iii, mayi a Ida, tatsekani msanga!" anadandaula bamboyo, mawu akutulukira m'mphuno.

A Selestina sanatseke. Anangoti maso tong'o, botolo lili m'manja. Amuna awo anali atatsina mphuno ndi zala ziwiri, ndipo zalazo zinali za dzanja lamanja.