Thumba la Buluu Linalibe Mlandu

Chimene chinadwalitsa Kapitawo si chakudya chimene alamu anasankha. Ndine. Ndinkaphwanya piritsi la maondo la Amayi ndi kumbuyo kwa supuni n'kuliwaza m'mbale yake, m'mawa uliwonse, masiku asanu. Sindinauze munthu, ngakhale pamene Adadi ankaponya thumba lonse la chakudya kunja kwa geti, ngakhale pamene achemwali ankalira atagwirira mimba yawo. Ndinangoima pakhomo la khichini, manja kumbuyo, ngati mboni ya mlandu wa eni ake.

Kapitawo ndi galu wathu. Dzinali anamupatsa ndi Adadi chifukwa ali kamwana ankakhala pansi n'kumayang'anira aliyense wogwira ntchito pakhomo, osachotsa maso mpaka ntchitoyo ithe. Tsopano ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ine khumi ndi zisanu ndi ziwiri, moti sindikumbukira nyumba yathu iye mulibe. Chaka chino miyendo yakumbuyo inayamba kumukana. Akafuna kudzuka pa matailosi, yakutsogolo inkaima bwinobwino, yakumbuyo n'kumatereka ngati yobwereka. Masitepe atatu a khomo lakuseri anasanduka phiri. Ankaima pansi pake n'kumalira kamawu kakang'ono, kamanyazi, ndipo amene ankakamva ndine, poti chimalizireni mayeso ndine ndimatsala pakhomo tsiku lonse.

Akuluakulu a m'nyumba mwathu atauona ululuwo, anausandutsa mkangano.

Adadi anayendetsa malole zaka makumi atatu asanapume, ndipo amakhulupirira kuti chinthu chimene sichinakugwetsepo m'dzenje suchisintha. Kapitawo wakhala akudya za m'thumba lobiriwira, lija lojambulidwa galu akudumpha mpanda, chiyambire ali kamwana. Alamu, amuna awo a achemwali, ndi ometa tsitsi. Munthu wabwino ndithu, koma pakamwa pawo palibe chitseko. Amawerenga zinthu pafoni akamadikira mutu wina, n'kubwera nazo kwathu zikadali zotentha. Iwo anati lobiriwiralo ndi madeya okhaokha opaka fungo la nyama, galu wokalamba amafunika za m'thumba la buluu, zokhala ndi mafuta a nsomba. Adadi anati munthu wosesa tsitsi la anthu asawaphunzitse kudyetsa galu wawo. Kunena zoona, Adadi sanawakhululukirebe alamu chifukwa chokwatira mwana wawo woyamba, ngakhale mutawafunsa cholakwa chenicheni sangachitchule.

Loweruka lina Amayi anatopa nazo, anati tipite tonse kushopu ya zinthu za ziweto, akatiweruze ogulitsa. Shopuyo inali yopapatiza, mashelefu mpaka kudenga, fungo la nsomba youma ndi labala. Adadi anakumbatira thumba lawo, alamu lawo, aliyense akuwerenga timalemba takumbuyo mokweza ngati alaliki awiri a mipingo yosiyana. Mayi wogulitsa, wa magalasi opachika pachingwe, anati onse awiri ndi abwino, ndipo yankho limeneli linakwiyitsa onse awiri. Kenako anatsitsa botolo la mapiritsi olimbitsa mfundo za mafupa, akuluakulu ngati nsonga ya chala, ndi paketi ya timitengo ta chikopa totafuna, toti timatsuka mano komanso galu sasungulumwa. Anachenjeza kuti mapiritsiwo amachedwa kugwira, pamatha mwezi ndi theka, mwina iwiri, munthu asanaone kusintha.

Ine ndinafunsa kuti nanga panopa titani, poti akumva kuwawa lero.

Ndimayankhulira pansipansi, ndikudziwa. Kusukulu aphunzitsi ankachita kubwera pa desiki langa kuti amve yankho. Koma tsiku limenelo ndinanena kawiri. Alamu anali pakati pofotokoza za mapuloteni. Adadi anandicheukira pang'ono n'kuti, "A Dokotala, gwirani dengu." Amanditchula choncho chifukwa ndinakhoza bwino bayoloje, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kumakhala kunyadira kapena kunyogodola. Ndinagwira dengu. Njira yonse pobwerera makutu anga ankatentha.

Anagwirizana zosakaniza, theka lobiriwira, theka la buluu. Amayi anati ndi boma la mgwirizano. Wodyetsa anali ine. Kapitawo ankadya zonse n'kusiya piritsi lolimbitsa mfundo lija pakati pa mbale, litanyambitidwa mbee, mpaka ndinaphunzira kulibisa m'batala. Sabata inatha, kenako ina, palibe chosintha. Lachiwiri lina anayesa masitepe yekha, anafika pa lachiwiri, n'kugubuduzika chagada. Anadzikodzera. Anandiyang'ana ngati akupepesa, ndipo ine ndinamunyamula ndekha, makilogalamu makumi atatu onsewo, ndikulira ndi mkwiyo.

Nditawauza Adadi, anati ndi chakudya chatsopanocho chikumufooketsa. Nditawatumizira alamu uthenga, anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu komanso nkhani yaitali yoti ndiwerenge. Palibe amene anati timutengere kwa dokotala wa ziweto, chifukwa kupita kumeneko kukanakhala kuvomera kuti thumba la winawake lalephera.

Pamwamba pa firiji pamakhala botolo la mapiritsi ofiira amene Amayi amamwa maondo akawavuta. Akamwa, pakatha theka la ola amakwera masitepe omwewo akung'ung'uza nyimbo. Ndinatenga kope langa lakale la bayoloje n'kuchita masamu kuchikuto chakumbuyo. Bondo ndi bondo, ndinadziuza. Tinaphunzira kuti mafupa a nyama zoyamwitsa amafanana kapangidwe, ndinajambulapo mkono wa munthu pambali pa mwendo wa galu n'kupeza mamalikisi onse. Amayi amalemera kawiri kuposa Kapitawo ndipo amamwa awiri. Ndiye kuti iye limodzi. Ndinalemba mzere kunsi kwa yankholo, monga aphunzitsi ankafunira.

Ndipo zinagwira. Chimenechi ndiye chimandiwawa kwambiri. Ndinayamba Lachitatu, pofika Lachisanu Kapitawo anakwera masitepe onse atatu yekha n'kukagona pamapazi a Adadi, akutafuna kamtengo kake ka chikopa. Alamu anabwera atatseka malo awo ometera, anajambula vidiyo, anati aonetsa makasitomala onse mmene thumba la buluu limaukitsira akufa. Adadi anati zangochitika, galu wawo ndi wolimba chibadwire chifukwa anakulira lobiriwira. Ine ndinali pasinki, ndikumvetsera amuna awiri akulimbirana ntchito yanga. Ndinatsuka kapu imodzi katatu. Ndinaganiza zonena, koma ndinati ayi, ndidikire mpaka tsiku limene adzathamange, kuti ndikadzatsegula pakamwa asadzakhale ndi poyankhira.

Lolemba m'mawa sanadzuke. Anali atasanza pachiguduli chake, masanzi a timadontho takuda ngati zotsalira za khofi pansi pa kapu. Chimbudzi chake chinali chakuda ngati phula. Madzi anakana. Nditakweza mlomo wake, nkhama zinali zoyera. Ndinadziwa nthawi yomweyo, sindinafunikire kope.

Adadi anaimbira alamu kuti abwere msanga. Anabwera ndi achemwali, amene ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, atasiya munthu pampando mutu utametedwa mbali imodzi. Adadi sanakweze mawu. Akakwiya kwenikweni amayankhula pang'onopang'ono ngati akubweza lole chambuyo.

"Mwandiphera galu m'nyumba mwanga momwe, akamwini."

Anakoka thumba la buluu kudutsa pabwalo n'kuliponya kunja kwa geti. Linang'ambika, timibulu tinamwazika mumsewu, ndipo agalu awiri a eni ake anathamangira n'kuyamba kudya, michira ikugwedezeka. Ndinawaonerera ndikudziwa kuti palibe chiwachitikire. Adadi anauza alamu kuti asadzapondenso pakhomo pano. Achemwali anati ngati zili choncho, iwonso sadzapondapo, ndipo mdzukuluyo adzamuonera pafoni. Alamu, munthu wosatseka pakamwa uja, anagwetsa nkhope n'kungoti, "Pepani, bambo." Basi.

Ndinakwiyira onse. Adadi chifukwa anali ndi nthawi yokoka matumba galu akuthera magazi pachiguduli. Alamu chifukwa chopepesa mlandu umene sanapalamule. Ngakhale Amayi, amene anagwedeza botolo lawo m'khichini, kudabwa kuti likutha msanga, n'kudziseka okha kuti ukalamba wafika, ayamba kumwa kawiri moiwala. Ndinkafuna mmodzi yekha atembenuke andifunse. Wodyetsa galuyo ndine, funso loyamba linayenera kugwera ine. Koma m'nyumba monse munalibe amene anaganiza kuti ine ndingachite kanthu, kabwino kapena koipa. Mwina ndikanena choncho ndikudzikometsera. Pakamwa ndinali napo. Mantha ndi amene anapakhalira.

Amayi ndi amene anadula nkhani, anati makiyi a galimoto ali apa, tipite naye kwa dokotala wa ziweto. Adadi anayendetsa, ine kumbuyo mutu wa Kapitawo uli pamiyendo panga. Pagalasi ndinkaona alamu akutitsatira panjinga yamoto, patali, ngati munthu wobwera kumaliro osaitanidwa.

Chipinda chopimira chinali chozizira, tebulo lachitsulo pakati, sikelo pakona, fungo la mankhwala otsukira pansi. Dokotala wa ziweto anali mayi wamfupi wa manja achangu. Anadina nkhama za Kapitawo, anapapasa mimba mpaka iye anabuula, anameta kamalo pamwendo n'kuika dripu. Kenako anayamba mafunso, ndipo Adadi ankayankha onse funso lisanathe. Adadi atatchula thumba la buluu, dokotala anati agalu ake awiri amadya lomwelo, ndipo chakudya sichikhetsa magazi m'mimba chonchi. Mapiritsi olimbitsa mfundo anati nawonso ayi. Anafunsa za mankhwala a makoswe, Adadi anati sitisunga. Anafunsa ngati pali amene anamupatsapo mankhwala a anthu, makamaka opha ululu, chifukwa ena mwa iwo amaboola mimba ya galu n'kuwononga impso.

"M'nyumba mwanga mulibe chitsiru chotero," anatero Adadi.

Ndinayang'ana nsapato zanga.

Alamu anali ataima pakhomo la chipindacho, osalowa, osachoka. Anapereka paketi ya timitengo ta chikopa kwa nesi kuti aonetse dokotala, anati mwina vuto ndi limeneli, ndipo ngati ndi limeneli anasankha ndi iwo. Anali akudzipereka okha kwa Adadi, atanyamula chingwe chodzimangira. Dokotala anatembenuza paketiyo, anati n'zotheka, galu wokalamba amatha kumeza chidutswa chachikulu osatafuna, n'kukakamira m'matumbo ndi kucheka. Anakamujambula m'mimba ndi makina ounikira m'thupi, koma atabwerera anati chithunzi sichikunena zomveka, chikopa sichioneka bwino pamakinawo.

Anafotokoza mosazungulira. Ngati muli chidutswa ndipo tachisiya, sadutsa mawa. Kuti adziwe, ayenera kumung'amba lero lomwe. Koma pa msinkhu wake, ndi magazi amene wataya, mankhwala ogonetsa okhawo akhoza kumutenga osadzukanso. Chikanakhala china chodziwika, monga mankhwala, sakanakhudza mpeni, akanamupatsa zoteteza mimba ndi impso n'kumusunga pa dripu. Koma poti tanena kuti palibe, chotsala ndi chikopa. Anatulutsa fomu ndi cholembera.

Adadi anasisita mutu wa Kapitawo. Anapapasa m'thumba la malaya, magalasi anali atawaiwala kunyumba. Anandipatsa pepalalo osandiyang'ana.

"Werenga, mwanangu. Mokweza, ndimve chimene ndikusainira."

Ndinayamba. Ine, mwini wa chiweto chotchulidwa pamwambapa, ndikuvomera kuti. Ndinalekera pomwepo. Nesi anali atayamba kale kutsegula paketi ya magolovesi. Kapitawo anatsegula diso limodzi, mchira unagunda tebulo kamodzi chifukwa wamva mawu anga, mawu a munthu amene amamubweretsera mbale. Ndinaika fomuyo chafufumimba pambali pa mwendo wake.

"Musamung'ambe," ndinatero.

Dokotala anawerama pang'ono, anati sanamve, ndibwereze.

Sindinayang'ane dokotala. Ndinayang'ana Adadi, ndipo ndinakweza mawu kuti akafike mpaka pakhomo pamene alamu anaima.

"Ndati musamung'ambe. Si chikopa, ndipo si thumba la alamu. Ndi mapiritsi ofiira a maondo a Amayi, limodzi m'mawa uliwonse kuyambira Lachitatu mpaka dzulo. Ndinamupatsa ndine, Adadi. Chitsiru mwanena kuti mulibecho chilimo, ndine."