Nsapato za Haewon Pakhomo la Padenga

Mkulu wanga Sungnok ankakonda kupachika mawu a Chingerezi pa nkhope za anthu. Anali mawu ovuta aja omwe amabwera pa mayeso olowera ntchito za boma, oti ngakhale Mzungu weniweni sawatchula pogula ndiwo. Tikamadikira sitima yapansi panthaka, ankandigunda ndi chigongono n'kuloza ndi chibwano.

"Waona bambo uyo akuweramira foni ngati bwana wake akumuona? Ameneyo ndi obsequious. Wonyambita mapazi a akuluakulu."

"Nanga mayi wachikwama chonyezimira uyo?"

"Parvenu. Walemera dzulodzuloli, fungo la umphawi lisanamuchoke."

Ndinkaseka. Iye ankati mawu sakhala m'mutu pokhapokha uwapezere mwini wake. Tsiku lina ndinamufunsa kuti nanga ake ndi ati. Anati akadafufuzabe.

Ngati anawapeza, sanandiuze. Atalephera mayesowo chaka chinanso, chimene anatisiyira ndi nsapato. Anazivula n'kuziika moyandikana bwinobwino m'mphepete mwa mlatho, zingwe atazilowetsa mkati, monga amachitira anthu kwathu kuno akaganiza zochoka pa dziko lino. Timavula nsapato polowa m'nyumba ya eni, ndipo kukhala ngati ndi kumanda komwe sitifuna kulowako ndi fumbi. Wapolisi anandipatsira nsapatozo m'jumbo.

Maliro atatha ndinabwerera ku yunivesite, koma sindinakhalitse. Ndinkangokhala m'kalasi n'kumayang'ana mapazi a anthu. Pano ndimayendetsa njinga yamoto, kuperekera anthu chakudya m'maofesi a mu Seoul. Ubwino wa ntchitoyi ndi chipewa cha pa njinga, chophimba mutu wonse. Palibe amakuona nkhope.

Kenaka mlongo wanga wamng'ono, Haewon, anati nayenso akalemba mayeso omwewo. Amayi anangoyang'ana pansi. Bambo anati, "Wina ayenera kuchotsa manyazi pa banja lino." Ine ndinakalipa, ndinaswa kapu, koma mawu a munthu wothawa sukulu salemera kanthu. Haewon anasamukira ku Noryangjin, kumene anthu okonzekera mayeso amaunjikana, m'kachipinda kopanda windo m'nyumba yosanja yogona alendo ya Mayi Pyo.

Lamulungu lililonse ndinkapita kukamugulira mpunga wa m'kapu wa m'mbali mwa msewu. Tinkadya chiimire. Sipanapite nthawi, ndinamva masewera aja akutuluka m'kamwa mwake.

"Bambo ndi sanctimonious," anatero akutafuna. "Wodziyesa woyera mtima kuposa anzake. Inuyo achimwene ndinu recluse. Kamba wobisala m'chigoba."

"Usamachite zimenezo."

"Bwanji? Zimathandiza kukumbukira."

"Zinamuthandiza Sungnok?"

Anasiya kutafuna. Dzinalo sitinkalitchula kwathu. Anataya kapu yake mpunga ukadali theka, n'kunena kuti akuchedwa ku kalasi.

Tsiku lotuluka zotsatira anali atandiletseratu kumuimbira. Masana ake ndinali ndi mbale za mpunga ndi msuzi m'bokosi la kumbuyo, ndikupita nazo ku ofesi ina. Foni inalira m'chipewamo.

"Achimwene, mwadya?"

"Ndili pamsewu. Zatuluka?"

"Zatuluka. Chingerezi chandigwetsa. Pang'ono chabe." Anaseka, kuseka kopepuka ngati kwa munthu amene watula katundu.

"Palibe kanthu, iwe. Ndikubwera."

"Musabwere, gwirani ntchito. Ndimangofuna kumva mawu anu. Ketulo yanga ija ndapatsa mtsikana wa chipinda choyandikana. Bulangeti lamagetsi mudzatenge inu, mumazizidwa pa njingapo."

"Haewon, uli kuti?"

"Kunja kuli bwino lero. Mukudziwa, mawu anga aja ndawapeza. Ignominy. Manyazi oti mzinda wonse ukuona."

Anadula.

Sungnok nayenso anaimba tsiku lake lomaliza. Anafunsa ngati ndadya. Mawu ake anali opepuka chimodzimodzi.

Ndinatembenuza njinga pakati pa msewu, galimoto zikundilizira mahutala. Ndinaimbira Haewon, foni inangolira osayankhidwa. Njira yachidule yopita ku Noryangjin inali ya pa mlatho womwe uja, umene ndinkauzungulira chiyambire maliro. Ndinaudutsa. Maso anga sanali pamsewu, ankayenda m'munsi mwa zitsulo za m'mphepete, kufuna nsapato zake zoyera zitaikidwa moyandikana. Jumbo youluka ndinaiyesa nsapato. Foni inaliranso, koma anali mkulu wotigawira maulendo.

"Iwe Taegyu! Mapu akuonetsa ukupita kwina! Chakudya cha anthucho ukukadyetsa apongozi ako?"

Ndinadula foni.

Pofika panyumba ya Mayi Pyo sindinaimike njinga bwino. Ndinaimva ikugwa kumbuyo kwanga, mbale zikusweka. Mayiwo anali pakhomo ndi chokolopera.

"Nsapato, iwe! Ndakolopa kumene! Unakulira m'khola?"

Ndinawadutsa nditavala nsapato zanga. Chitseko cha Haewon chinali chosakhoma. Bedi linali loyalidwa, mabuku atamangidwa ndi chingwe, bulangeti lija litapindidwa pamwamba pake. Chipinda cha munthu wokonzekera mayeso sichikhala chotero.

"Ali kuti?" ndinakuwa.

"Ukundikuwira ine? Wakwera padenga."

Masitepewo sindiwakumbuka. Ndimakumbuka chitseko chachitsulo cha pamwamba, chotseka, ndi zimene zinali patsogolo pake. Nsapato zoyera za Haewon, zija ndinamugulira ndi malipiro anga oyamba. Zinali moyandikana bwinobwino, zitaloza kunja, zingwe zitalowetsedwa mkati.

Ndinagwada pamenepo, dzanja langa likukana kukhudza chitseko. Chitsekocho chikadali chotseka, mlongo wanga anali akadalipo. Ndinatola nsapatozo n'kulowetsamo zala. Mkati munali mukadali mofunda.

Ndinakankha ndi phewa.

Denga lathyathyathyalo lonse linali lofiira. Ndinatseka maso. Potsegulanso ndinaona kuti anali tsabola, woyanikidwa pa mikeka kuchokera pakhomo mpaka kumapeto, monga amachitira amayi onse nyengo ino yokolola. Pakati pake panali Haewon, atanjuta, atavala masokosi okha, akutembenuza tsabolayo ndi manja.

"Achimwene," anatero osadzuka. "Ndinati musabwere."

Mayi Pyo anafika akupuma wefuwefu, chokolopera chikadali m'manja.

"Wamisala iwe, wandiponderapondera nyumba yonse! Ndamutuma ndine kuti anditembenuzire tsabola. Mwana akalephera mayeso sindimusiya m'chipinda kuti aziyang'ana khoma, ndimam'patsa ntchito. Zaka zonsezi ndimatero. Ndiye umafuna aponde chakudya cha anthu ndi nsapato, ngati iweyo?"

"Padenga, mayi?" Mawu anga anatuluka aang'ono. "Munthu wolephera lero mwamutuma padenga yekha?"

Anatsegula pakamwa kuti andiyankhe. Kenaka anayang'ana kakhoma ka m'mphepete, kofika m'chiuno chabe. Anayang'ana nsapato zimene ndinakumbatira. Chokolopera chinatsetsereka n'kugwa.

Pamenepo m'pamene ndinaona kanjira. Tsabola anali atayalidwa mothithikana paliponse, koma kuchokera pamene Haewon ananjuta mpaka kukhomako panali mpata wopapatiza, mkeka ukuonekera, tsabola atakankhidwira uku ndi uku ndi mapazi.

Ndinavula nsapato zanga ndi dzanja limodzi, zake osazitula, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka ndinaima pakati pa iye ndi khomalo. Kumbuyo kwanga ndinkamva mphepo ndi phokoso la msewu, kutali pansi.

"Unapita kukhomako."

"Ndimangokaona."

"Unaonanji?"

Anatembenuza tsabola wina, kenaka winanso.

"Ndinaona munthu wachipewa akugwetsa njinga," anatero. "Msuzi mbwee pamsewu ponse. Akuthamanga ngati nkhuku yodulidwa mutu. Ndinati, chitsiru ichi..." Anasiya kutembenuza tsabola. "Ndinati, chitsiru ichi apolisi akachipatsanso jumbo ina."

Nkhope yake inakwinyika. Anakweza manja kuti apukute misozi.

"Usagwire m'maso, uli ndi tsabola!" ndinakuwa pamodzi ndi Mayi Pyo.

Ndinagwada n'kumupukuta ndi mkono wa jekete langa, lonunkha utsi wa galimoto. Analira nthawi yaitali, manja atawatambasula kutali ndi nkhope ngati mwana woti wagwa m'matope. Ine sindinalire. Ndinali nditamugwira mkono mwamphamvu mpaka zala zanga zinachita dzanzi, ndipo sindinasiye kuona kanjira kaja m'mbali mwa diso.

"Bambo ndikawauza chiyani?" anafunsa.

"Ndikawauza ndine. Ndinazolowera kuwakhumudwitsa."

"Mawu onse aja ndinawaloweza, achimwene. Onse. Ndikatseka maso amangobwera okha, aliyense akundiloza."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa."

"Chabwino, sindikudziwa. Tiye pansi."

Pachitseko anatambasula dzanja. "Nsapato zanga."

"Ndikupatsa tikatsika."

"Masitepewa ndi akuda!"

"Akuda chifukwa cha iyeyu," anatero Mayi Pyo. Anali akukhoma chitseko cha padenga ndi loko, ndipo kiyi anaiponya m'thumba la epuloni yawo. "Tsabolayo awole ngati akufuna."

Tinatsika, ine patsogolo ndikuyenda chammbali, dzanja limodzi pa mkono wake, linalo litakumbatira nsapato. Titafika panja anthu anali akuzungulira njinga yanga ndi msuzi wotayika, aliyense buku m'manja, milomo ikuyenda, osatiyang'ana. Ndinamukhazika pa sitepe ya pakhomo n'kugwada. Ndinamuveka nsapato imodzi, kenaka inzake, n'kumanga zingwe mfundo pamwamba pa mfundo.

"Mwathinitsa," anatero.

"Zikhale choncho."

Ndinaimbira amayi pomwepo. Ndinawauza kuti tikubwera tonse awiri, kuti bambo akhalepo, ndipo tikamba za Sungnok. Ngakhale ndinatchula dzinalo, foni sanaidule.

M'mawa mwake ndinapita naye kwa dokotala, ndinakhala panja pa chitseko mpaka anatuluka. Amapitabe. Mabuku ake ali kwa Mayi Pyo, sindinakawatenge, ndipo iye sanawafunse. Bambo samandilankhula. Masiku ena Haewon amaseka mopepuka muja, ndipo ine ndimasiya chilichonse chimene ndagwira n'kumuyang'anitsitsa mpaka atandiuza kuti ndikumutopetsa.

Amayi amadandaula kuti pakhomo pathu pamaoneka ngati pa anthu opanda mwambo. Iwo amandandalika nsapato zonse bwinobwino, ziwiriziwiri, zitaloza kunja. Ine ndikamadutsa ndimakankha za Haewon ndi phazi, ina ipite uku, ina igwe chagada.