Pathupi pa Amake Lidia

Chisanu cha chaka chimenecho chinafika msanga m'mapiri a ku Mvera. Inali nthawi ija azungu anali asanakhalitse pa boma la Dowa, bulangete likadali chinthu chokaonera kwa mnzako. Anthu ankatuluka m'nyumba atadzikulunga ngati zikwatu za mfutso. Koma Susana yekha, mayi wa ana asanu ndi zidzukulu zitatu, ankangoyenderera thukuta.

Moto wake unkayambira pachifuwa, n'kukwera m'khosi, n'kukathera kumaso. Unalibe nthawi. Unkamupeza akusinja, akupeta, ngakhale atangokhala phee. Lamulungu lina unamupeza m'tchalitchi, mlaliki ali pakati pofotokoza za moto wosazima. Susana anayamba kudzikupiza ndi nsonga ya nsalu, thukuta lili kamukamu, mpaka anadzambatuka n'kuthamangira panja. Amayi a kumbuyo anakodolana. Mawu amulasa ameneyu, kaya anachita chiyani.

Mwamuna wake, Abrahamu, anali mkulu wa mpingo, munthu wamfupi amene sankavula jekete lomwe analandira ku mishoni. Atafika kunyumba anakhala pampando n'kutsokomola kawiri.

"Amake Lidia, ngati pali tchimo, ndiyambe kumva ndine. Ndisakamvere kwa anthu."

"Tchimo lanji, abambo? Thupi langotentha. Komanso ino ndi miyezi itatu ndikuthira ndekha mchere m'ndiwo osadukiza. Inu mumangodya, simuona?"

Masiku amenewo mkazi akakhala kumwezi sankakhudza mchere, ankaitana wina kuti adzamuthirire. Abrahamu anawerenga pa zala, nabwerezanso, kenaka nkhope yake inawala ngati yopakidwa nsatsi.

"Muli ndi pakati! Dzina la ubatizoli sindinalandire pachabe. Mwini wake uja anabereka mutu uli mbuu!"

Susana anatsegula pakamwa kuti amuwongole. Si kuti anali mbuli. Ankawamva amayi achikulire kuchitsime akunena za nthawi imene mkazi amasiya kusamba, ndipo mumtima ankadziwa kuti mwina yake yakwana. Koma asanayankhule, Abrahamu anali atamulanda kale mtsuko umene anatenga kuti akatunge madzi.

"Kuyambira lero simunyamula kanthu. Khalani pamphasa."

Zaka makumi atatu Susana anakhala akukwera chitunda cha kuchitsime ndi mtsuko pamutu. Anayang'ana mphasa ija, nayang'ana chitunda chija, n'kutseka pakamwa.

Mudzi unaona zachilendo. Mkulu wa mpingo ankatsika kuchitsime ali m'jekete, n'kubwerako atanyowa mpaka m'chiuno, mumtsuko mutatsala madzi osakwana ndi kutsukira mbale. Lidia, mwana wawo woyamba, ankasinja chimanga cha makomo awiri khanda lili kumbuyo, akung'ung'udza kuti ndani anaonapo agogo akupikisana ndi mwana wawo. Abrahamu anaika malamulo: mazira ayi, kuopa mwana angabadwe wopanda tsitsi, tsabola ayi, kuyenda ayi. Mbatata yootcha ndiyo inkabwera m'mawa ndi masana. Tsiku lina mtima utamuwira popanda chifukwa, Susana anagenda tambala ndi chipande, kenaka n'kuyamba kulira chifukwa chomvera chisoni tambala yemweyo.

"Ndi wamwamuna ameneyo," anatero Abrahamu monyadira. "Ali ndi ukali wa kwathu."

Itatha miyezi iwiri, mimba inatulukadi pang'ono. Koma kupuma kuja kunayamba kuwawa. Maondo ankalira ngati chitseko cha nsungwi, msana unauma gwaa, ndipo podzuka pamphasa ankayamba wagwira nsanamira ya khonde. Moto uja sunasiye.

Mbiri inaoloka mapiri mpaka inakafika ku Ntchisi, kumene kunkakhala Tabita, mng'ono wa malemu amayi ake a Susana. Tabita anali mzamba, mano atatsala owerengeka, koma ankayenda chilili ngati bango. Anayenda masiku awiri ndi dengu pamutu, n'kufika masana dzuwa lili paliwombo. Atamwa madzi, anamulowetsa Susana m'nyumba, namugoneka, nasisita pamimba uku ndi uku, nayika khutu.

"Ndamumva," anatero.

Susana anadzutsa mutu. "Mwana?"

"Mbatata. Ikulira bwino zedi."

Susana anaphimba kumaso ndi nsalu. "Amayi, ndimadziwa. Ndimangofuna ndipumeko."

Tabita anaseka mpaka anakhala pansi, koma atapukuta misozi nkhope inasintha.

"Kupuma si mlandu, mwanawe. Koma ukuwakumbuka amako? Nawonso atasiya kusamba anati ntchito yatha, nakhala pakhonde. Sipanapite zaka zambiri anapindika ngati chikwakwa. Tsiku lina anangophonya phazi potsika khonde lomwelo, fupa la m'chiuno n'kuthyoka, osadzukanso. Ine ndaona akazi ambiri. Magazi akaima, mafupa amayamba kufumbwa mkati ngati mtengo wa denga. Fupa lili ngati khasu, ukalipachika limachita dzimbiri."

Anavundukula dengu lija. Munali mawere ndi matemba ouma.

"Awa uzidya ndi mitu yomwe, minga usalavule. Phala likhale la mawere. Bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, usazinyoze. Kwa Angoni a ng'ombe kuseri kwa phiriku uzipitako wekha ndi miyendo yako, ukasinthe nyemba ndi mkaka. Dzuwa la m'mawa lizikupeza panja uli ndi khasu."

"Nanga motowu?"

"Umatha wokha. Ena chaka chimodzi, ena zisanu. Ine unandiotcha zinayi, amuna anga ankaothera ine m'malo mwa nkhuni. Usamadziunjikire nsalu, chikho cha madzi ozizira chizikhala pafupi. Za tsabola zokhazo mkamwini wanena zoona, ngakhale wazinenera pa chifukwa cholakwika."

Chinatsala ndi kumuuza mwini nkhani. Tabita anakana kwamtuwagalu. "Wotseka pakamwa ndiwe, ukatsegulenso wekha."

Susana anamupeza Abrahamu kuseri kwa nkhokwe akusema kampando kakang'ono. Anagwada patali pang'ono.

"Abambo, amayi andiona. Mulibe mwana muno. Ndangokula basi. Kubereka kwatha."

Abrahamu anaimitsa kasemasema. "Nanga mimbayo?"

"Ndi mbatata zanu zija."

"Nanga Benjamini?" Dzina anali atasankha kale.

"Kulibe Benjamini."

Abrahamu anatembenuzatembenuza kampando kaja m'manja. Susana ankayembekeza mkwiyo, makamaka poti bamboyo anali atalengeza kale nkhaniyi pamsonkhano wa akulu a mpingo, mpaka anapempherera. Koma Abrahamu anangopuma mpweya wautali.

"Ndinene zoona, amake Lidia. Miyezi iwiri yonseyi chakudya sichimatsika bwino. Ndimaseka pamaso pa anthu, koma ndimakumbuka mmene munavutikira pobadwa wotsiriza uja. Ndimati ulendo uno ndikutayani." Anasisita khosi. "Komanso mtsuko uja wandithyola. Mumatha bwanji inu?"

Susana anaseka, misozi ikutuluka, ndipo nthawi yomweyo moto uja unamukwera. Abrahamu anathyola tsamba la nthochi n'kuyamba kumukupiza.

"Ndiye inu mumadziwa chiyambire?" anafunsa ali mkati mokupiza.

"Ndimakayikira."

"Mumakayikira ine ndikuterereka m'matope a kuchitsime, amayi a mudzi wonse akundiombera m'manja?"

"Munkaoneka bwino, abambo."

Lamulungu lotsatira Abrahamu anaimirira pamaso pa akulu anzake, nakoka jekete lake, nanena kuti nkhani ija aiunikanso bwino ndi akuluakulu odziwa, ndipo zaoneka kuti mdalitso unalipodi koma unali wa mtundu wina. Mkulu wina, Elifala, anafunsa kuti mtundu wanji. Abrahamu anayankha kuti zimenezo n'za amayi, ndipo anayambitsa nyimbo.

Tabita anakhala sabata imodzi akumuyendetsa Susana ngati mbuzi yogula kumene. Tsiku loyamba kukwera chitunda cha kuchitsime Susana anapuma kanayi, akutukwana maondo ake. Pofika mvula yoyamba ankakwera osaima, ndipo kawiri pa sabata ankapita kuseri kwa phiri n'kubwera ndi chiguba cha mkaka. Amayi ena amsinkhu wake anayamba kumudikira panjira, wina ndi nyemba, wina ndi mtedza. Ankapita akufunsana za misana ndi za tulo, ndipo akafika pamtsinje onse ankaviika nkhope m'madzi kuti aziziritse moto wawo, ngakhale chisanu chitabweranso, kunja kukuwomba mphepo yoti agalu akane kutuluka.