Phazi la Bambo

Ndinatsika basi fumbi lili m'makutu. Chikwama paphewa. Kunyumba sindinapiteko, ndinalunjika kuchipatala. Mwana wachisamba wafika, tsopano zinthu ziyenda. Ndimo mmene ndinkadzionera.

Mlongo wanga ndinamupeza pakhonde la wodi akutsuka kapu.

"Achimwene, mwanenepatu."

"Zisiye zimenezo. Bambo ali bwanji?"

"Shuga wawawononga phazi, lakumanja. Adokotala akuti lidulidwe lisanawole kufika m'bondo. Iwo akukana."

"Akukana? Anawafunsiranji?"

Anandiyang'ana ngati ndaponda ndowe.

Ine ndayenda. Mizinda ndaiona, malire ndadutsa. Kulikonse ndinapeza kuti ukalankhula molimba, khomo limatseguka. Ndinakonza kolala, n'kugogoda kwa dokotala.

Anali mayi wamfupi, magalasi ali pamphuno.

"Adokotala, ine ndine mwana wamkulu. Ndisaina ndine. Muwagoneke, mudule. Akadzuka tidzawafotokozera."

"Phazilo ndi lanu?"

"Ndi la bambo anga."

"Ndiye ovomereza ndi iwowo. Munthu akakana mutu wake uli bwinobwino, lamulo silindilola kumugwira ndi mpeni."

Apo ndinaona mpata. Ndinatsitsa mawu.

"Mutuwo ndiye vuto. Ukalamba. Amaiwala. Nthawi zina ngakhale ana awo sawazindikira."

Bodza linatuluka losalala ngati lopaka mafuta. Ndinadzitama mumtima.

"Tiyeni tikawaone," anatero, akuimirira.

Bedi la bambo linali pawindo. Anali ataonda. Phazi lokulunga bandeji lili pamwamba pa pilo. Fungo lake linandilonjera iwo asanandione.

"Bambo, pano muli kuti?" anafunsa dokotala.

"Kuchipatala, mwanangu. Pabedi logwedera mwendo."

"Mukudwala chiyani?"

"Shuga. Watseka njira ya magazi, zala zada."

"Tikapanda kudula?"

"Liwola, likwera, ndifa. Munandiuza kale."

"Nanga awa mukuwadziwa?"

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Mulungu andikhululukire, ndinapemphera kuti andiiwale.

"Ameneyu? Mphuno ndi ya malemu mayi ake. Koma ife timamuonera pafoni. Iwe, wabwera kudzandiyeza bokosi?"

Wodi yonse inaphulika ndi phwete. Mkulu wa pabedi loyandikana anaseka mpaka kutsokomola, diripi ikugwedezeka. Ndinayang'ana pansi. Simenti inali yosang'ambika, polowa panalibe.

Dokotala sanaseke. Anakoka mpando, n'kukhala.

"Ndiuzeni, mukukaniranji?"

Funso limeneli ine silinandibwerere m'mutu ulendo wonse.

"Ndine telala," anatero bambo. "Makina ndimapalasa ndi phazi limeneli. Mukalichotsa ndizingokhala pakhonde, ana kumandimwazira chakudya ngati nkhuku. Uyu ndiye azimwaza ali kutsidya kwa mtsinje."

Dokotala sanawanyengerere. Anawaonetsa ndi chala pamene angadule lero, ndi pamene adzadule akachedwa. Ananena kuti bala la munthu wa shuga limachedwa kupola. Nthawi zina limavuta, n'kubwereranso kumpeni. Zoti lakumanzere lingaphunzire kupalasa, anati ena zimawathekera, koma iye salonjeza.

"Ganizani, bambo. Mukakanabe, sitikuthamangitsani. Tizikutsukani bala, tizikupatsani mankhwala ochepetsa ululu."

Ndinakonza pakhosi kuti ndiwonjezere nzeru.

"Iwe, tuluka," anatero bambo. "Ndilankhule ndi dokotala wanga. Mlongo wako alowe."

Ndinatuluka. Benchi la pakhonde linali lolimba. Ndinakhala. Ndinaimirira. Ndinawerenga chikwangwani chophunzitsa kusamba m'manja mpaka kuchiloweza. Namwino atadutsa ndinamuimitsa.

"Asisi, agwirizana zotani m'katimo? Ndine mwana wamkulu."

"Odwala sanatilole kukuuzani, achimwene."

Mlongo wanga nayenso atatuluka anangoti, "Akuuzani okha." Anandipatsira kapu kuti ndikatunge madzi. Ndinakatunga.

M'mawa mwake ndinamva matayala akulira m'khonde. Anali bambo pamachira, atavala chovala chobiriwira chomanga kumbuyo. Anali atasaina okha, ndi dzanja lawo. Ankadandaula kwa namwino kuti wosoka chovalacho sadziwa ntchito, msoko wake wapita mokhota.

Atafika pamene ndinali anakweza dzanja. Machira anaima. Ndinawerama, ndikuyembekeza mawu aakulu oyenera mwana wamkulu.

Anandipatsa pulasitiki. Munali nsapato zawo.

"Gwira izi. Usakwere nazo basi. Yakumanzere ndiifunabe."