Mng'alu pa Keke ya Zione

Edina atatsegula katoni, adagwira pakamwa. Kirimu wa pa keke yomwe adaikongoletsa ndi manja ake adali atang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pakati, ndipo m'mbali mudali mutatuluka timatuza ta mpweya. Mabampu a msewu wochokera kumudzi ndi kutentha kwa mu Okutobala zidamulakwira.

Ukwati udali wa Zione, mwana womupeza yemwe Edina adamulera kuyambira ali wamng'ono. Akwati adali akadali m'tchalitchi ku Mua, koma posachedwa ankayembekezeka kufika pa holo ya pa Golomoti.

Chitseko cha kachipinda ka kuseri kwa holoyo, momwe Edina adali, chidatseguka. Adalowa Doreen, mayi ake a Zione omubereka, omwe adasiyana ndi bambo a mwanayo kalekale n'kupita ku Lilongwe. Adali atatsogola kudzayendera holo.

"Keke ya mwana wanga ndi imeneyi?" adafunsa Doreen. "Ndidanena ine kuti tikagule m'tauni. Anthu akaona mng'alu pa keke ya ukwati anena kuti ndi malodza. Ndipo mukudziwa amene amuloze chala."

Edina adadziwa. Mayi wopeza salakwitsa mwangozi.

"Ikonzeka, amake Zione," adayankha Edina. "Koma kirimu wafewa. Ndikamukhudza chonchi, aphwasuka yense. Pakufunika madzi oundana."

Doreen adayang'ananso keke ija. Kenaka adavula nsapato zake zagogoda, n'kuvala mapatapata a Edina, ulendo kumsika. Adabwerako thukuta lili kamukamu, atanyamula beseni la madzi oundana lomwe adapempha kwa ogulitsa nsomba.

"Musayandikize kwambiri, ingamveke chambo," adatero Edina.

"Ndiye alendo adya keke ndi ndiwo pamodzi," Doreen adayankha osaseka.

Adaika thireyi ya keke pamwamba pa beseni, Doreen akukupiza ndi chivundikiro cha katoni. Kirimu atalimbako, Edina adaboola timatuza tija ndi singano, kamodzikamodzi. Kirimu wotsala m'kambale adamutakasa pang'onopang'ono kuti mpweya uchoke, n'kumata mu mng'alu muja. Adaviika mpeni m'madzi otentha, kuupukuta, n'kuyamba kusalaza.

Patali padamveka mahutala.

"Fulumirani, mayi!" adatero Doreen.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tembenuzani thireyi. Pang'ono. Basi pomwepo."

M'mbali monse mudasalala, koma pamwamba padatsala kamzere, ndipo kirimu adali atatha. Kunja nthungululu zidayamba. Edina adaika mpeni pansi.

Doreen adavula chipewa chake chatsopano, n'kuthothola maluwa ansalu omwe adasokereredwapo. Adawatsuka, kuwaumitsa ndi mpango, n'kumupatsa Edina. Iye adawayala motsata kamzereko, ndipo sikadaonekenso.

"Nyamulani mukaike kutsogolo," adatero Edina. "Ine nditsala kuno, ndithandize ophika."

"Ophika alipo okwanira," adatero Doreen akuvala nsapato zake. "Zione atadwala chikuku ine ndidali ku Lilongwe. Amene adamugoneka pamiyendo ndi inu. Vulani epuloniyo."

"Anthu anena."

"Anene. Gwirani uko, ine ndigwire kuno. Ikagwa, tagwetsa tonse."

Adatuluka nayo pang'onopang'ono, maso ali pa keke, mpaka pa tebulo la kutsogolo. Doreen adakoka mpando woyandikana ndi wake, ndipo Edina adakhalapo.