Mwana Wobwereka pa Mzere wa Voti

"Tandibwereka mwanayo," anatero Wailesi akulowa m'saluni, thukuta lili kamukamu. "Mzere wafika kuseri kwa sukulu, koma amene abereka ana akungowalowetsa osaima."

Make Nduna anapitiriza kuluka. Zala zake zinali m'tsitsi la kasitomala, ndipo kulukako kunali kusanafike ndi pakati pomwe. Mwanayo anali m'tulo pa mulu wa matawulo. Anzake a mayi ake pantchitopo ndiwo anamutcha Nduna, chifukwa ankangodya ndi kugona ena akukhetsa thukuta. Bambo ake anatuluka mimba ikadali yaing'ono, ati akukagula mayunitsi a foni, ndipo mpaka lero akugulabe.

Linali tsiku la chisankho, koma Madamu, eni saluniyo, anakana kutseka. "Voti silipira lendi," anatero m'mawa. "Muzipita mmodzimmodzi. Wochedwa kubwera apitirire konko, akamulembe ntchito yemwe wamuvoterayo."

"Mwana si ambulera yoti n'kumabwerekana," anatero Make Nduna.

Wailesi anati, "Iwe, mwana wa mnzako ngwako yemwe! Ukatanganidwa, matewera ake amamusintha ndani?"

Pamenepo Make Nduna anangolola. Wailesi, amene dzinalo analipata chifukwa pakamwa pake sipazima, anabereka mwana n'kuliyatsa liwiro. Posakhalitsa anatulukira, chala chili bii ndi inki. "Bambo wa pachipata mpaka wanena kuti mwana watengera mphuno yanga!"

Nkhani ikafika kwa Wailesi ndiye kuti yafika msika wonse. Anatsatira mtsikana wopenta zikhadabo, amene chibadwire anali asanaberekepo khanda. Kenako mayi wogulitsa nsapato pakhomo loyandikana, kenakonso mng'ono wake. Aliyense ankamusintha chipewa kuti asadziwike, ndipo Nduna ankabwera ali mwemwemwe, bisiketi ili m'manja.

Chikhalirecho, mwa onsewo amene ankalifunitsitsa tsikuli anali Make Nduna. Andale akabwera pamsikapo ankangoti "mabanja athu, mabanja athu", ngati mayi wolera yekha mwana sagula sopo. Koma mayi wina wopikisana nawo pa ukhansala analonjeza malo osiyako ana pafupi ndi msika. Kaya zinali zoona kaya nyambo chabe, Make Nduna analibe kwina kogwira. Madamu anali atamuuza kale kuti mwanayo akadzangoyamba kukwawa asadzaonekenso m'saluni, ndipo sabata imeneyo Nduna anali atayamba kudzikoka chamimba.

Kuluka mutu wa kasitomala uja kunatha dzuwa litapendeka.

"Thamanga," anatero Madamu. "Kukubwera kasitomala wina. Akakupeza kulibe, usavutike n'kubwerera."

Pachipata cha sukulu panali bambo wachikulire woyang'anira mzere. Atangoona mwanayo, anatsitsa magalasi ake pamphuno.

"Taimani pomwepo, mayi. Bwana awa ndawadziwa."

"Ndi mwana wanga, bambo."

"Onse akhala akutero. M'mawa anabwera ndi mayi wolongolola uja. Kenako wa zikhadabo zofiira, atamubereka mokhota ngati thumba la makala. Mwana mmodzi, amayi ake mpingo wathunthu? Taonani masayawo, inki yokhayokha! Ameneyu wavota kuposa tonse tili pano."

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Make Nduna anasuzumira kumsana, ndipo zoonadi, aliyense amene anatsina tsaya la Nduna pomusangalatsa anasiyapo chidindo chake.

"Kumapeto, mayi, kumapeto!" anakuwa mwamuna wina wa jekete. "Ngati ndi wanu, bambo ake ali kuti adzachitire umboni?"

"Anapita kukagula mayunitsi," anayankha Make Nduna. "Mukakumana nawo muwauze kuti mwana wamera mano."

Anthu anasekanso, koma iye sizinamuseketse. Anayang'ana mzere uja, wokhota mpaka kuseri kwa makalasi. Akaima pamenepo ntchito yatha. Akabwerera, voti yapita, adikirenso zaka zina mwana atakula kale. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti onse obwereka anadutsa, ndipo wokanizidwa anali iye amene anamva ululu wake pobereka. Misozi inalengeza m'maso.

Apo n'kuti Nduna atatopa nawo mabisiketi a tsiku lonse. Anakuwa mokweza moti wapolisi amene ankasinza pampando anadzidzimuka. Make Nduna sanapemphenso munthu. Anakhala pansi pachipata pomwepo, n'kumasula nsalu, n'kumuika mwana kubere. Kulira kunaleka nthawi yomweyo, kunangotsala kaphokoso ka kumeza.

"Aja a m'mawa anachitako zimenezi?" anafunsa osadzutsa mutu.

Bambo uja anatsokomola, n'kuyamba kupukuta magalasi amene sanade n'komwe.

"Ngwake ameneyo!" anakuwa mayi wina pamzere. "Mulowetseni! Kapena mukufuna ayambe wakuonetsani zipsera za kuchipatala?"

Amayi ena anavomereza mwaphokoso, ndipo wa jekete uja anangoweramira pafoni yake.

"Lowani, mayi," anatero bamboyo. "Koma bwanawa ndisawaonenso lero. Akabweranso ndi mayi wina, ameneyo akaima kumapeto kwenikweni, andimve bwino."

Make Nduna anachonga pepala lake ndi dzanja limodzi, linalo litafungatira mwana amene ankayamwabe.

Atafika kusaluni anapeza kasitomala wakhala kale pampando. Koma Madamu anali pakhomo, chikwama m'khwapa, nsalu yatsopano paphewa, akumwetulira ngati m'bale.

"Wachedwa, koma zilibe kanthu. Tabweretsa mwanayo, mwana wanga. Atseka posachedwa, ndipo miyendo yangayi ya mzere siingathe."

Make Nduna anamuyang'ana mwana wake, amene tsopano anali atakhuta n'kugona.

"Madamu, ameneyutu wayamba kukwawa. Paja munati asadzaonekenso muno."

"Aa, zimene zija zinali zocheza! Titchinga pakona apo ndi matabwa, azisewera pomwepo."

"Wailesi, wamva?" anafunsa Make Nduna.

"Ndamva ine," anatero Wailesi, "ndipo pofika mawa amva msika wonse."

Make Nduna anathandiza Madamu kubereka mwanayo, n'kumanga nsalu bwinobwino kuti asagwe pa nthawi yaitali imene akaime. Anamuvekanso chipewa chake cha m'mawa chija. Za bambo wa pachipata sanatchuleko. Anatola chipeso n'kufunsa kasitomala kuti akufuna malukidwe anji.